Sukulu ya Atolankhani pa Nyengo ya Makina Osinthasintha

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

 Nkhani imene ndadza nayo lero, poyamba kuimva, ikhoza kuoneka ngati ya aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede okhaokha, pakuti ndifuna tikambirane za maphunziro a atolankhani ndi a iwo amene amayendetsa nyumba zofalitsa nkhani. Koma ndikupemphani kuti musathamangire kutseka wailesi, popeza chilichonse chimene mumamva cha mtengo wa feteleza, cha mlandu wa kubwalo, cha mliri wa kolera kapena cha madzi osefukira ku chigwa cha Shire, chisanafike m'khutu mwanu chimayamba chadzera m'manja mwa mwana wa munthu wina, ndipo mmene mwanayo adaphunzitsidwira ndimo mugona kusiyana kwa choona ndi chabodza chimene inu mudzamva.

Utolankhani m'dziko lathu si wa dzulo ayi. Nyuzipepala imene lero timaitcha Daily Times mizu yake ili m'chaka cha 1895, pamene Azungu a m'minda adayamba kusindikiza pepala lawo lotchedwa Central African Planter. Ndipo m'mamishoni, monga ku Nkhoma ndi ku Likuni, makolo athu adaphunzira kusanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi kulemba nkhani m'chinenero chawo. Komabe pa zaka zambiri, kufikira ndi m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene wailesi ya m'dziko muno idali ya MBC yokha, imene idakhazikitsidwa mu 1964, sukulu yathu yaukachenjede sinkapereka digiri ya utolankhani. Mnyamata ankalowa pakhomo la nyuzipepala ali ndi setifiketi ya ku sekondale, nakhala pansi pa mkonzi waukali amene ankamubwezera pepala litafiira ndi inki kufikira atadziwa kulemba. Tsono itawerengedwa kalata ya maepiskopi a Katolika m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo makina a fotokope ndi a fakisi atayamba kunyamula mawu amene wailesi ndi nyuzipepala sizikadatha kuwanena, khomo lidatseguka. Pofika nthawi ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 misewu ya Blantyre ndi Lilongwe idadzala ndi nyuzipepala zatsopano. The Nation, imene Aleke Banda adaiyambitsa chaka chomwecho, ikadalipo mpaka lero. Koma zambiri mwa zinzake zidafa zikadali zakhanda, zina chifukwa chosindikiza mphekesera zimene zidawagwetsera eni ake m'milandu, zina chifukwa panalibe munthu wodziwa kuwerengera ndalama za pepala, za inki ndi za malipiro. Nthenda ziwirizo muzisunge m'mutu, pakuti sizidathe.

Pofuna kuzichiza ndi pamene padabadwa sukulu zimene tili nazo: Malawi Institute of Journalism ku Blantyre, imene ili ndi wailesi yakeyake, maphunziro a utolankhani a ku Polytechnic, imene kuyambira mu 2021 idaima payokha ndi dzina lakuti MUBAS, maphunziro a zofalitsa nkhani a ku Zomba, ndi sukulu zina za mipingo ndi za anthu odziimira paokha zimene zidatsatira pambuyo. Tiyenera kuyamika, pakuti ntchito yagwirika. Koma taonani zimene zachitika ndi zipangizo pa nthawi yomweyi. Amene adagwirako ntchito m'situdiyo zaka za m'ma 1980 akukumbukira tepi ija yoyenda pa mikombero iwiri, mmene munthu ankaipukusira ndi manja uku ndi uku, khutu lili tcheru, kufikira atapeza pamene wolankhula adatsokomola, nalembapo chizindikiro ndi pensulo, nadula ndi lumo mopendeketsa, nalumikiza mbali ziwirizo ndi kapepala komatira, mwaluso lakuti womvera sakadazindikira kuti padadutsa mpeni. Luso limenelo munthu ankalipeza atathera zaka, ndipo lero palibe wolifunsa, popeza mwana wa fomu 2 amachita zomwezo pa foni ndi chala chimodzi. Wailesi ya kanema idafika mu 1999. Kenaka intaneti, Facebook ndi WhatsApp. Ndipo kuyambira chakumapeto kwa 2022 kwadza makina amene ambiri akuwatcha AI, olemba ndi kuyankha monga munthu.

Apa ndi pamene pagona vuto la iwo amene amakonza ndondomeko ya maphunziro. Digiri imatenga zaka zinayi. Ndipo ndondomekoyo isanayambe kugwira ntchito imayamba yalembedwa, nikambidwa m'makomiti, nivomerezedwa ndi akuluakulu a sukulu pamodzi ndi bungwe la NCHE loyang'anira maphunziro aukachenjede, zimene sizitheka pa mwezi umodzi. Kotero kuti mwana amene akuvala mkanjo womalizira maphunziro lero adaphunzitsidwa zimene zidalembedwa zaka zisanu kapena kuposerapo zapitazo. Sukulu imene ingamange maphunziro ake onse pa chipangizo chimene chatchuka chaka chino, imeneyo idzatulutsa akatswiri a chinthu chimene chidatayidwa kale. Msodzi wa kunyanja wasintha ukonde wa thonje nagula wa nayiloni, wasiya bwato logoba nakwera boti ya injini. Koma amene sadziwa kuwerenga mitambo ndi kuzindikira kuti mwera wayandikira, injiniyo ingomufikitsa msanga pakati pa nyanja pamene adzamira. Chifukwa chake ine ndikuti maziko a sukulu ya atolankhani akhale zinthu zimene sizikalamba, ndipo zipangizo ziphunzitsidwe m'maphunziro afupiafupi amene mphunzitsi ali ndi ufulu wowasintha chaka ndi chaka popanda kudikira msonkhano waukulu. Bungwe la UNESCO litatulutsa chitsanzo cha maphunziro a utolankhani mu 2007, nalonso lidaika patsogolo luso ndi mwambo wa ntchitoyi, malo ake pakati pa anthu pamodzi ndi malamulo, ndiponso kudziwa za dziko limene mtolankhani akulembapo.

Choyamba mwa zosakalambazo ndicho kufufuza choona, ndipo ndilole ndichionetse pafupi. Tiyerekeze kuti ndi usiku wa mvula yoopsa, monga ija ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo pa foni ya mtsikana amene ali pa ntchito kuwailesi pafika uthenga wa mawu pa WhatsApp, mwamuna wina akufuula kuti mlatho wakutiwakuti wakokoloka pamodzi ndi basi yodzaza ndi anthu, ndipo pansi pake pali chithunzi. Mtima umamuuza kuti athamangire ku maikolofoni, pakuti anzake a nyumba zina angamutsogolere. Koma ngati adaphunzitsidwa bwino, ayamba wafunsa amene wamutumizira kuti iye waumva kwa yani, natsata mzerewo kufikira atapeza munthu amene adaona ndi maso ake, kapena atatsimikiza kuti munthu woteroyo kulibe. Aimbira apolisi a m'deralo, ofesi ya bwanamkubwa, mfumu ya pafupi ndi mlathowo, ngakhale mnyamata wakabaza wa pamsika woyandikana nawo. Kenaka ayang'anitsitsa chithunzicho, aone nambala ya basiyo ngati ili ya dziko lino, afufuze pa intaneti ngati chidatulukapo kale chaka china, aonenso minda ya m'mbali mwa msewu, pakuti m'mwezi wa Malichi chimanga chimakhala chili chiimire chobiriwira, ndipo ngati pachithunzipo pali mapesi ouma ndi lupsa, ndiye kuti chithunzicho ndi cha nyengo ina. Zonsezi zingamutengere theka la ola. Ndipo pomaliza adzalankhula kwa inu, nanena chimene chatsimikizika, nanenanso poyera chimene sichinatsimikizike. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mayi amene mwana wake adakwera basi madzulo amenewo ali pafupi ndi wailesi, ndipo theka la ola limene mtsikanayu wapirira ndi chifundo chimene wamuchitira mayiyo, ngakhale sadzaonana nkhope.

Khalidwe lotere silibwera ndi kuwerenga buku lokha. Limabwera ndi kuchita kobwerezabwereza, mphunzitsi ali pambali. Sukulu ya utolankhani ya ku Missouri, ku America, imene idatsegulidwa mu 1908, idayamba ndi nyuzipepala yeniyeni yogulitsidwa m'tauni, kuti ophunzira akalakwitsa dzina la munthu, mwini dzinalo abwere pakhomo kudzadandaula. Ifenso tifunika zotero kuyambira chaka choyamba: wailesi kapena tsamba la nkhani la pasukulu limene anthu enieni amalimvera ndi kuliwerenga. Ndipo ikafika nthawi yokaphunzira ntchito kunja, tisangowatumiza onse ku nyumba zazikulu za m'mizinda, kumene wophunzira amatha miyezi itatu akudikira kuti wina amuone. Ena apite ku wailesi za m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, kapena za ku Nkhotakota ndi ku Mzimba, kumene munthu mmodzi amatola nkhani, naikonza, naiwerenga yekha, ndipo mawa lake amakumana pamsika ndi amene adawatchula.

Za makina a AI sindikuti tiwathamangitse m'kalasi, iyayi. Wophunzira awadziwe, pakuti adzawapeza pa ntchito, ndipo amathandizadi kusanja mulu wa zikalata kapena kulemba mawu ojambulidwa. Koma adziwenso kuti makinawa amatha kupeka dzina, tsiku ndi mawu a munthu, nazilemba mosalala kwambiri kotero kuti maso sakhumudwa pena paliponse; chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi wanzeru masiku ano sangakhutire ndi nkhani yotaipidwa bwino. Afunse kabuku ka wophunzira, amve mawu amene adajambula, aimbire mmodzi mwa anthu amene akuti adacheza nawo.

Mwa zosakalambazo palinso malamulo, amene sindikhalitsapo. Gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu kwa atolankhani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zimene boma likusunga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ndipo lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lagwiritsidwapo kale ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene adalemba. Wophunzira asangoloweza zimenezi pofuna mayeso. Alembe kalata yeniyeni yopempha chikalata ku khonsolo ya boma lake, awerenge masiku, aone chimene chidzatuluka. Palinso masamu, amene ambiri mwa ana athu adathawira ku utolankhani poganiza kuti kumeneko sakawapeza. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudaululika mu 2013, kumene tonse timakutcha Cashgate, kudabisala m'manambala, ndipo mtolankhani wosatha kuwerenga bajeti kapena lipoti la wofufuza ndalama za boma angathe kugona pamwamba pa nkhani yotere chaka chonse osaiona.

Tsono ndifike pa chimene chimandipweteka mtima koposa, ndicho chinenero. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse a dziko lino, pafupifupi 84 amakhala kumudzi. Ndipo ambiri mwa iwo nkhani amazimva pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina za makolo athu. Komatu mwana wathu amaphunzira utolankhani m'Chingerezi, nalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo tsiku loyamba la ntchito amapatsidwa chikalata cha unduna kuti achitembenuze msangamsanga nthawi ya nkhani isanakwane. Chotsatira chake inu mukuchidziwa, pakuti mumachimva: mawu ndi a Chichewa, koma kayendedwe kake n'kachilendo, ndipo agogo akamvera amatembenukira kwa mdzukulu nafunsa kuti, "Kodi akuti chiyani?" Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito ya mtolankhani sidali kubwereza nambalayo ayi, koma kufotokozera mlimi wa ku Dowa chifukwa chimene thumba la feteleza lidzakwerere ngakhale iye sadagwirepo dola m'manja mwake, ndipo kufotokoza kotereku kumafuna munthu amene wamvetsa chuma, amenenso Chichewa chake ndi chakupsa. Kumbukirani mlandu wa chisankho cha 2019, umene unkaulutsidwa pa wailesi mmene unkachitikira, womasulira ali pomwepo, kufikira oweruza asanu adagamula pa 3 Febuluwale 2020: anthu m'misika ndi m'maminibasi ankakambirana za mapepala a zotsatira ndi za mboni ngati odziwa malamulo, chifukwa nkhaniyo idawafika m'chinenero chawo. Anthu athu sachepa nzeru. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi wowafotokozera. Chifukwa chake ndikadakonda kuti kulemba ndi kuulutsa nkhani m'zinenero zathu likhale phunziro la chaka chilichonse, la mayeso ake, lolemera mofanana ndi ena onse, ndipo wophunzira aziyamba kulemba m'Chichewa chenicheni osadzera m'Chingerezi. Akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba alipo, aitanidwe. Pano makina sangatipulumutse msanga, pakuti amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa m'zinenero zathu pa intaneti n'zochepa.

Nthenda yachiwiri ija, ya ndalama, itifikitsa kwa oyendetsa nyumba zofalitsa nkhani. Mwambo wathu wakhala wakuti amene amalemba bwino koposa onse ndiye amakwezedwa kukhala bwana, ndipo pa tsiku limodzi nyumba imataya mlembi wabwino nipeza bwana wosaphunzira ubwana. Taganizani zimene zimadikira munthu ameneyu pa tebulo kumapeto kwa mwezi. Pepala losindikizira limachokera kunja ndipo limafuna ndalama zakunja. Magetsi akazima jenereta imafuna dizilo kuti wailesi isakhale chete. Chiphaso choulutsira mawu cha bungwe la MACRA chili ndi msonkho wake, ndipo mu 2022 nyumba zingapo zoulutsira mawu zidalandidwa ziphaso chifukwa cha ngongole imeneyi. Amalonda amene kale ankalipira tsamba lathunthu tsopano amadzitsatsira okha pa Facebook. Ndipo mwa otsatsa akuluakulu amene atsala, boma ndi makampani ochepa ndiwo ali patsogolo, omwewo amene mtolankhani ayenera kuwafufuza. Bwana akalephera masamu amenewa, malipiro amachedwa. Ndipo mtolankhani wanjala, amene wayenda pansi kupita ku msonkhano, akapatsidwa envulopu ya chipondamthengo ndi mwini msonkhanowo, dzanja limalandira, ndipo cholembera chimafewa. Ndamvapo ambiri akudzudzula ana amenewa, ndipo indetu chizolowezicho n'choipa. Koma phunziro la makhalidwe abwino, lingakhale lokoma motani, silingaime lokha m'nyumba imene yatha miyezi osalipira antchito ake.

Anzathu a ku South Africa adaona zimenezi, ndipo pa Rhodes University adakhazikitsa Sol Plaatje Institute, yotchedwa dzina la mkonzi ndi mlembi wotchuka wa dzikolo, kuti iziphunzitsa utsogoleri ndi kayendetsedwe ka nyumba zofalitsa nkhani pakokha. Ife sitisowa poyambira, popeza sukulu ngati MUBAS ili ndi aphunzitsi a zamalonda ndi a utolankhani pa bwalo limodzi. Chofunika n'chakuti akhale pamodzi, akonze maphunziro a akonzi ndi mabwana amene ali kale pa ntchito. M'menemo munthu aphunzire kuwerenga mabuku a ndalama a nyumba yake, kudziwa omvera ake ndi nambala osati ndi maloto, kupeza njira yakuti owerenga azilipira pang'onopang'ono kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, kulemba mgwirizano wa ntchito wachilungamo, kuteteza atsikana a m'nyumba yake kwa amuna ozunza, a m'katimo ndi a pa intaneti omwe, ndiponso kumanga mpanda pakati pa ofesi ya malonda ndi chipinda cha nkhani, kuti wotsatsa malonda akaimba foni mwaukali, pakhale lamulo lolembedwa limene bwana angaimepo.

Nanga aphunzitsi eni ake? Munthu amene adachoka m'chipinda cha nkhani zaka khumi zapitazo, angakhale wophunzira chotani, ntchito imene akuikumbukira siilinso momwemo. Kukadakhala bwino kuti pakapita zaka zingapo mphunzitsi azibwerera kukagwira ntchito miyezi iwiri kapena itatu m'nyumba yofalitsa nkhani, ndipo mkonzi wa kumeneko azibwera kudzaima m'kalasi, ngakhale alibe digiri yachiwiri, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndipo tisaiwale khamu lija la amuna ndi amayi amene akugwira ntchito m'wailesi za m'madera, ambiri mongodzipereka, amene sangasiye banja ndi munda kuti akakhale zaka zinayi ku Blantyre. Kwa iwowa sukulu ndiyo iyenera kuyenda: maphunziro a Loweruka ndi Lamulungu pa boma lawo, zowerenga zopepuka zimene zingatsike pa foni popanda kumaliza bandulo ya sabata yonse, ndi dongosolo lakuti kaphunziro kalikonse kamene munthu wamaliza kalembedwe m'kaundula, kuti setifiketi ikule kukhala dipuloma, dipuloma nikula kukhala digiri, ndipo zaka zimene wagwira ntchito pa maikolofoni ziwerengedwe polowa. Zimenezi zili m'manja mwa akuluakulu a sukulu zathu, a NCHE, a MISA Malawi ndi a Media Council of Malawi, ndipo ndikuwapempha mwaulemu kuti pokonzanso ndondomeko ikudzayi aitane akonzi a wailesi za m'madera akhale nawo pa mkeka womwewo kuyambira tsiku loyamba.

Nthawi yathu yathera pomwepa. 

(Nyimbo yotsekera)